Dzina la timu limasanduka liti chipongwe? Funso lochokera pa chithunzi cha agogo ena ku Philadelphia

Nambewe_ku_Philly

Abale anga, pali nkhani yomwe yandikhala pamtima sabata ziwiri tsopano, ndipo ndikudziwa kuti pano pali anthu otsata masewera kuposa ine.

Ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Philadelphia. Mmodzi mwa iwo ndi agogo aamuna achiyuda a zaka 93, miyendo inafooka koma mutu ukadali wakuthwa. Pabalaza pawo, pamwamba pa wailesi yakale, pali chithunzi chosuluka cha anyamata ovala makabudula aafupi, ena ataima ena atakhala, wapakati atagwira mpira. Pachifuwa pa malaya awo pali zilembo zinayi zomwe sindinkatha kuwerenga. Miyezi yonseyi ndinkangopukuta fumbi pagalasi lake osafunsa kanthu. Tsiku lina tikuonera nkhani pa TV anatchula timu ya American football ya Washington Commanders, kuti pali ena akufuna ibwerere ku dzina lake lakale la Redskins, mawu otchula eni nthaka a ku America kuti akhungu lofiira, omwe ambiri amati ndi chipongwe. Agogo anapukusa mutu, n'kuloza pakhoma ndi chala chonjenjemera, amvekere: "Tanditsitsira chithunzi icho."

Anandiuza kuti imeneyi ndi timu ya basketball ya SPHAS. Dzinalo ndi zilembo zoyamba za South Philadelphia Hebrew Association, bungwe lachiyuda lomwe linawagulira mayunifomu m'zaka zoyambirira. Anaiyambitsa ndi anyamata atatu, Eddie Gottlieb, Harry Passon ndi Hughie Black, atangomaliza sekondale, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili kumapeto. Bungwe lija linadzasiya kuwathandiza koma iwo dzina analisunga. Zilembo za pachifuwa ndi za Chiheberi, amaziwerenga kuyambira kumanja kulowera kumanzere, ndipo agogo anazikhudza chimodzichimodzi pagalasi paja akuzitchula: samekh, pe, he, aleph. Pakati pa 1934 ndi 1945 timuyi inatenga ukatswiri wa American Basketball League kasanu ndi kawiri. Nthawi imeneyo NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, kunalibe.

Akuti Loweruka madzulo bambo awo, omwe anali telala, ankawagwira dzanja ulendo wa ku Broadwood Hotel pa Broad Street. Bwalo la timuyi linali holo yovinira ya hotelayo. Mpira ukatha, mmodzi wa osewera, Gil Fitch, ankathamangira kukasamba, n'kuvala suti, n'kukwera pansanja kukatsogolera bandi, anthu n'kuyamba kuvina pamalo pomwe paja ankaponyerana mpira. Pofotokoza zimenezi agogo ankagwedeza mapewa ali pa njinga yawo ya olumala, ngati bandiyo akuimva.

Kenako nkhope inasintha. Akuti timuyi ikapita kukasewera kumizinda ina, anthu ankaitukwana chifukwa cha Chiyuda chawo, ena kuwaponyera zinthu m'bwalo. Zinali zaka zomwe Hitler ankalamulira Germany, ndipo ku America komwe kuno odana ndi Ayuda ankalankhula poyera. Anyamatawo akanatha kusankha dzina losaonetsa mtundu wawo, koma ankalowa m'bwalo zilembo zili pachifuwa.

Ndiye ndinawafunsa kuti, agogo, nanga bwanji dzina lotchula mtundu wa anthu linali lonyaditsa kwa SPHAS koma kwa Washington likhale chipongwe? Anangoti: "Lathu tinadzipatsa tokha." Atatero anatseka maso, tulo n'kuwatenga.

Mawu amenewa sakundichoka. Kodi yankho ndi lomweli basi? Mwini akadzitcha ndiye kuti zili bwino, wina akamutcha ndiye zalakwika? Nanga matimu ngati Kansas City Chiefs, Atlanta Braves ndi Chicago Blackhawks, omwenso maina awo akukhudza eni nthakawo koma mpaka lero sanasinthe, tiwaike mbali iti? Ndithandizeni kuganiza.

WaMaule_Ndirande

Achemwali, nkhani ya agogowo yandigwira mtima, koma ine ndilankhula mosapsatira. Dzina la Washington silinasinthe chifukwa choti eni timu anamva chisoni. Linasintha chifukwa cha ndalama. Mu July 2020 kampani ya FedEx, yomwe dzina lake linali pa bwalo lawo, inawauza kuti asinthe, Nike nayo inachotsa malaya awo pa malonda, ndipo sabata ziwiri zisanathe mwini timu anagonja. Munthu yemweyo, Dan Snyder, ananenetsa mu 2013 kuti sadzasintha mpaka kalekale. Anakhala nyengo ziwiri akungotchedwa Washington Football Team, dzina la Commanders n'kubwera mu February 2022.

Ife kuno tinazolowera kuti dzina limatsata thumba. Timu yanga bambo anga ankaidziwa kuti Bata Bullets. Ine ndaiona ili Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets pomwe inafika m'magulu a CAF Champions League mu 2004, lero FCB Nyasa Big Bullets. Anzathu a Manoma nawo adutsa mu Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward. Ife timangoti Maule basi. Ndipo taonani, dzina lathu likunena zipolopolo, zinthu zopha anthu, koma sindinamvepo munthu pa Kamuzu Stadium akudandaula. Nthawi zina ndimaona ngati anzathu akunjawo amakulitsa zinthu zazing'ono.

Mphunzitsi_wa_ku_Phalombe

Achimwene a ku Ndirande, pa za ndalama mwanena zoona, koma pomaliza paja ndikutsutsani, ndipo ndikutsutsani ndi nkhani ya pakhomo pathu.

Ine ndine Mlomwe. Agogo anga aakazi anakalamba akuthyola tiyi m'maesiteti a ku Mulanje. Makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique, ndipo atafika kuno anthu anawapatsa dzina loti Anguru. Atsamunda analilemba m'mabuku awo, akapitawo ankaliitana pa ntchito. Ambiri omwe ankalitchula sankaona vuto, kwa iwo linali dzina chabe. Koma agogo anga, ngakhale ali okalamba osaona bwino, wina akalitchula pakhomo ankasiya kusenda chinangwa, mpeni n'kuuika pansi, osayankha. Ndili mwana sindinkamvetsa kuti dzina lingamuletse bwanji munthu kugwira ntchito yake. Zinatengera Alomwe eni ake, motsogozedwa ndi a Lewis Bandawe m'zaka za m'ma 1940, kukakamiza boma la atsamunda kuti lizilemba kuti Alomwe. Tsopano taganizani kuti munthu wina yemwe si Mlomwe wayambitsa timu ku Limbe, waitcha dzina lija, pa jezi wajambulapo munthu wamano akuluakulu atanyamula dengu la tiyi, masapota n'kumavina motiyerekezera. Mungandiuze kuti ndikukulitsa nkhani?

Zimenezi ndi zomwe eni nthaka a ku America akhala akunena. Tisasokonezeke ndi mawu oti Indians, ife tikati Amwenye timanena a ku India, koma apa akunena mitundu yomwe azungu anaipeza m'dzikomo monga Navajo, Cherokee, Lakota ndi Oneida. Kudandaula kwawo sikunayambe mu 2020 ayi. Bungwe lawo la National Congress of American Indians linayamba kulimbana ndi zithunzi zonyoza zotere mu 1968. Mu 1972 nthumwi zawo zinakakumana ndi akuluakulu a timu ya Washington. Mu 1992 mayi Suzan Shown Harjo ndi anzawo anakasuma kuti dzinalo lichotsedwe m'kaundula wa zizindikiro za malonda. Zaka pafupifupi makumi asanu akugogoda, chitseko n'kudzatsegulidwa tsiku lomwe a FedEx analankhula. Ichi sichikusonyeza kuti dandaulo lawo linali lachabe, chikusonyeza kuti eni timu ankamvera ndani.

Komanso muone mwini dzina woyamba. George Preston Marshall, yemwe anapatsa timuyi dzina la Redskins mu 1933, ndi amene anali womaliza mu ligi yawo yonse ya NFL kulemba wosewera wakuda, mu 1962, ndipo anatero boma litamuopseza kuti sasewera pa bwalo latsopano. Munthu wotere akati dzinalo ndi ulemu, ine ndimakayika.

Ku Cleveland, timu ya baseball ya Indians inali ndi chithunzi cha Chief Wahoo, nkhope yofiira psuu, mano onse pamtunda, nthenga pamutu. Anachichotsa pa yunifomu itatha nyengo ya 2018, ndipo kuyambira 2022 timuyi ndi Guardians. Koma ku Florida State University dzina la Seminoles, lomwe ndi la mtundu wina wa eni nthaka, lidakalipo, chifukwa mu 2005 khonsolo ya Seminole Tribe of Florida inavomereza poyera, ndipo amakambirana nawo za zovala ndi miyambo yomwe amaonetsa pabwalo. Ndiye Nambewe, pa yankho la agogo aja ine ndingoonjezerapo kuti ngati dzina si lako, eni ake unawafunsa? Ndipo atakana, unamva?

WaMaule_Ndirande

Aphunzitsi, ya agogo anuyo ndaimva. Dzina limenelo ndinkalimva ndili mwana ku Ndirande konkuno ndipo sindinaliganizirepo choncho. Pepani.

Kochi_wa_Area25

Ine ndimaphunzitsa ana basketball kuno ku Lilongwe, ndiye mbiri ya masewerawa ndimaikonda. Nambewe, muli ndi mwayi, agogo amenewo ndi buku loyenda.

Ndiyambe ndi a Maule. Zipolopolo zinadandaulidwapo, achimwene. Timu ya NBA ya ku Washington inkatchedwa Bullets mpaka 1997. Mwini wake Abe Pollin, yemwenso anali Myuda, anawawidwa mtima ndi kuphana ndi mfuti mumzindawo, ndipo mnzake Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ataphedwa ndi mfuti mu November 1995, analengeza kuti dzinalo lichoka. Inakhala Wizards. Apanso anthu akuda ena mumzindamo anadandaula, poti mawu oti wizard ndi udindo wa atsogoleri a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda. Dzina lomwe kwa ife silipweteka, kwina limakhudza bala.

Anthu ambiri sadziwa kuti basketball inali masewera a Ayuda kwa zaka zambiri. James Naismith anawayambitsa mu 1891 ku Springfield, ndipo zaka zomwezo Ayuda pafupifupi 2 miliyoni ankalowa mu America kuthawa umphawi ndi kuzunzidwa ku Russia ndi kum'mawa kwa Ulaya. Anaunjikana m'nyumba zothithikana ku Lower East Side ku New York ndi ku South Philadelphia. Baseball imafuna dambo lalikulu, pomwe basketball imangofuna kaholo ndi mpira umodzi. Ine ndimazimvetsa bwino chifukwa ana anga amasewera pa simenti yong'ambika, mkombero wake tinawotcheretsa kwa owotcherera zitsulo. Mwana wosauka wa m'tauni amasewera zomwe malo alola. Pa 1 November 1946, pa masewero oyamba a ligi yomwe inadzakhala NBA, New York Knicks inagonjetsa Toronto Huskies 68 kwa 66, ndipo woponya basiketi yoyamba anali Ossie Schectman, yemwe anachokera ku SPHAS komweko. Ambiri mwa anzake a mu Knicks imeneyo analinso Ayuda.

Koma olemba nkhani sankati anyamatawa akupambana chifukwa cholimbikira. Paul Gallico, mlembi wotchuka wa zamasewera ku New York m'zaka za m'ma 1930, analemba kuti masewerawa amawayenera Ayuda chifukwa amafuna ukathyali ndi kuchenjera kozemba. Ayuda atatukuka n'kusamukira kunja kwa mizinda, anthu akuda n'kulowa m'madera omwewo ndi m'mabwalo omwewo, nyimbo inasintha, anayamba kunena kuti akuda anabadwa odumpha. Bodza lake ndi limodzi.

Nthawi imeneyo matimu ambiri ankadzitcha ndi mtundu wawo, ndipo ndi zomwe zinkakopa anthu kulipira pakhomo. Kunali Buffalo Germans, Original Celtics, ndi New York Rens ya anthu akuda, yomwe Bob Douglas anaiyambitsa mu 1923 n'kuitcha dzina la holo yovinira ya Renaissance ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York. SPHAS ikakumana ndi Rens holo inkadzaza.

Tsono apa ndi pomwe yankho la agogo likundivuta pang'ono. Harlem Globetrotters, timu ya anthu akuda yotchuka ndi kusewera moseketsa, inali ya ku Chicago. Abe Saperstein, Myuda wobadwira ku London, anaika mawu oti Harlem kuti anthu a m'matauni ang'onoang'ono adziwiretu kuti kukubwera osewera akuda. Timuyi inakasewera ku Harlem kwenikweniko koyamba mu 1968. Ndiye dzinali ndi la ndani, la osewera kapena la bwana? Ndipo Eddie Gottlieb mwiniwake, yemwe ankadziwa kuwawa kotukwanidwa chifukwa cha mtundu, ndi amene anali kochi wa Philadelphia Warriors pomwe inatenga chikho choyamba cha ligi yatsopano mu 1947, pambuyo pake n'kuigula. Chizindikiro cha Warriors chinali chojambula choseketsa cha mwini nthaka wa ku America, nthenga kumutu, akumenyetsa mpira pansi. Timu imeneyi ndi yomwe inasamukira ku San Francisco mu 1962, lero ndi Golden State Warriors ya Stephen Curry. Chithunzi chija anachisiya kalekale, dzina lidakalipo. Sindikunena izi ponyoza Gottlieb, munthu amene anamanga ligi ndi manja ake, ndandanda ya masewero a NBA ankailemba yekha kwa zaka zambiri. Ndikungoti munthu akhoza kudziwa bwino bala lake koma la mnzake osaliona.

Nambewe, mukawafunse agogo za chizindikiro chimenecho. Ndikufunitsitsa kumva zomwe anganene.

Chisale_wa_ku_Jozi

Mwandikumbutsa jezi yomwe ili m'kabati mwangamu. Ndine sapota wa Kaizer Chiefs kuyambira ndili ku Mangochi, ndisanabwere kuno. Pa baji yake pali mutu wa mfumu ya eni nthaka a ku America, nthenga zili mbuu. Kaizer Motaung anasewera ku Atlanta Chiefs, atabwerera kwawo n'kuyambitsa timu yake mu 1970, dzina ndi chizindikiro anatengera komweko. Kuno timati Amakhosi, ndipo munthu akamva mawu amenewa amaganiza za mafumu a Chizulu, sakumbuka n'komwe za America. Ndavala jeziyi zaka khumi, lero ndi pomwe ndaitulutsa n'kuyang'anitsitsa baji. Sindikudziwa kuti ndiziona bwanji. Chithunzi chake si choseketsa ngati cha ku Cleveland chija, koma nthengazo si zathu.

AmaZulu ya ku Durban ndi yomwe ikufanana ndi SPHAS. Anaiyambitsa mu 1932 ndi Azulu omwe anabwera kudzagwira ntchito m'tauni, ndipo palibe angawaletse dzina lawo. Koma ife obwera timadziwa dzina lomwe amatitcha m'mataxi ndi m'malokeshoni muno. Tili ndi katimu kathu ka Amalawi komwe timasewera Lamlungu, ndipo mnyamata wina ananenapo kuti tingodzitcha dzina lomwelo kuti liwathere mphamvu. Akuluakulu anakana kwamtuwagalu. Mmodzi wa iwo anathawa moto mu 2008, pomwe anthu ankaukira obwera, atangovala zomwe anali nazo m'thupi.

MaiPhiri_London

A Chisale, zomwe ananena mnyamata wanuyo ndi zomwe zinachitika ku Tottenham kuno, ndipo mathero ake ndi ovuta. Timuyi kuyambira kale inali ndi masapota ambiri achiyuda, ndiye a matimu ena ankawatukwana ndi mawu oti Yid, ena mpaka kuchita phokoso loyerekezera mpweya womwe a Nazi ankaphera Ayuda. Masapota a Tottenham, Ayuda ndi osakhala Ayuda omwe, anatenga mawuwo n'kuyamba kudziimbira okha ngati chishango. Koma lero ambiri oimba si Ayuda. Mwana wanga wa zaka 12 anabwera nawo kunyumba akuimba, osadziwa tanthauzo lake, ndipo ndinachita kumukhazika pansi. Mu February 2022 timu yeniyeniyo inapempha masapota ake kuti asiye. Ayuda ena amati mawuwo amawanyaditsa, ena amati amawalasa. Ndiye tikati eni ake avomereze, eni ake ndi ati pomwe iwo sakugwirizana? Ngakhale dzina la Seminoles lija, si onse a mtunduwo amene amakondwa nalo.

Nambewe_ku_Philly

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri konse. Aphunzitsi, nkhani ya mpeni woikidwa pansi ija ndinawafotokozera agogo m'Chingerezi changa chomwechi, ndipo anaimva msanga kuposa momwe ndinkaganizira. Anati mayi awo nawo ankangoti zii chimodzimodzi.

A Kochi, ndinachita zomwe munandituma. Dzulo nditawamwetsa mankhwala a m'mawa ndinatsegula foni n'kuwaonetsa chizindikiro chakale cha Philadelphia Warriors. Anavala magalasi, n'kuibweretsa foni pafupi ndi mphuno. Anachizindikira nthawi yomweyo, mpaka anamwetulira, akuti anali ndi kambendera kake ali mnyamata ndipo anaonerapo katswiri wa timuyo Joe Fulks akuponya. Ndiye ndinawafunsa kuti, nanga awa anadzipatsa okha?

Anakhala chete nthawi yaitali, ine mpaka kuopa kuti ndawakhumudwitsa, poti pa ntchito yathuyi sitiyenera kuvutitsa okalamba ndi mafunso. Kenako anati: "Sitinawafunse. Sindinaganizepo n'komwe kuti pali munthu woti afunsidwe." Anati eni nthakawo ankangowaona m'mafilimu, sanakumanepo ndi mmodzi yemwe mpaka atalowa usilikali.

Anandiuzanso mathero a SPHAS, omwe sindinkawadziwa. Ligi yatsopano itatenga osewera abwino, timuyi inayamba kuyenda ndi Globetrotters ngati timu yoti izigonja usiku uliwonse anthu aziseka. Red Klotz, yemwe anasewerapo mu SPHAS, ndi amene anadzayambitsa Washington Generals yogwira ntchito yomweyo. Dzina la SPHAS linazimirira mu 1959. Agogo akuti anapitako kamodzi kukaonera zimenezo, anatuluka masewero asanathe.

Ine pomwe ndaima pano ndi apa: agogo ananena zoona, koma ndi theka la nkhani, theka linalo mwandipatsa ndinu. Za Chiefs, Braves ndi Blackhawks ndikufuna ndimve kaye zomwe mitundu ya kumaderako ikunena ndisanatsegule pakamwa. Mai Phiri, funso lanu loti eni ake ndi ati sindinalipezere yankho.

Chithunzi chija sanalole kuti ndichibwezere pakhoma. Chili pa kathebulo ka pambali pa bedi, pafupi ndi botolo la madzi. Andiuza kuti mdzukulu wawo akabwera Lachisanu adzatsitse katoni ya m'chipinda chapamwamba, akuganiza kuti kambendera ka Warriors kaja kadakali momwemo ndipo akufuna akaonenso.